Mita Imodzi ya Kasitima ka ku Twapia

Mita yoyamba yoyezera magetsi imene ndinalumikiza ku kasitima kanga koseweretsa ndinaiwotcha ndekha, pamodzi ndi nsalu ya patebulo ya akazi anga. Inali mita ya m'lole yakufa, ndinachita kuitola kuseri kwa galaji ina ku Ndola. Waya wina ndinamangirira ku njanji iyi, wina ku njanji inayo, kenako ndinati ndi mawu a munthu wowerenga mabuku, "Tsopano penyani." Anapenyadi. Waya anafiira, utsi unafuka, singano ya mita inathamangira kumapeto n'kupindika, pansalu n'kutsala bowo lakuda.

Akulu anga anali pamphasa atatsamira khoma. Anaseka mpaka kuseka kunasanduka chifuwa, ndipo tonse tinadikira kuti chidutse.

"Iwe," anatero atapeza mpweya, "m'buku lako muja analemba kuti ozimitsa moto aziitanidwa usanayambe, kapena utatha?"

"Asekeni ndithu, alamu," anatero akazi anga akukutumula nsalu ija. "Sukulu yawo ikulipiridwa ndi nsalu zanga."

Anali masiku omaliza a Chitaganya. Ine ndinkaphika kunyumba kwa mzungu wina wa ntchito za njanji. Sukulu ndinalekezera panjira, Chingerezi ndinachita kutolera m'magazini amene bwana ankataya, ndipo ndinali ndi matenda owerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira nyama. Bwana uja atayamba kulongedza zoti apite kum'mwera, anandisiyira thabwa lalikulu lokhomedwa tinjanji tozungulira, kainjini kotalika ngati chikhatho, tingolo, ndi kabokosi kowonjezera kapena kuchepetsa liwiro. Ndinakankha zonsezi panjinga mpaka ku Twapia, komboni imene tinkakhala, anthu n'kumandifunsa ngati ndagula chitseko. Kwathu kunalibe magetsi, choncho ndinabwereka batire ya galimoto kwa mnzanga wa kugalaji.

Koma kasitimako kanali ndi vuto. Kankanyamuka bwinobwino, kufika pakati pa ulendo n'kuima, kumangong'ung'udza ngati njuchi ya m'botolo.

Akulu anga anali atayendetsa sitima ya pansi pamgodi ku Kitwe zaka zambiri, kukoka ngolo za miyala mumdima. Madokotala atawajambula pachifuwa anati fumbi ladzaza, ntchito inathera pomwepo, nyumba nayo inapita ndi ntchitoyo. Ndiye anabwera kwa ife. Sanafune kukhalitsa. Anati mwezi ukatha apita kumudzi, ku Katete, ndipo m'nyumbamo panalibe amene sanamve tanthauzo lake. Chimene anapempha chinali chimodzi.

"Ndisanapite, mphwanga, ndikayendetseko kameneka. Kanyamuke, kazungulire, kabwerere pamene kanayambira, dzanja lili langa."

N'chifukwa chake ndinkathamanga ndi mamita. Nditawotcha ija, ndinabwerera m'magazini, ulendo uno kuwerenga mpaka pansi pa tsamba, osalekezera pachithunzi. Ndinapeza kuti mamita alipo awiri. Ya mavolti imaima pambali, kukhudza njanji zonse ziwiri, n'kukuuza kuti mphamvu yatsala yochuluka bwanji. Ya maampu umadula waya mmodzi n'kuiika pakati, kuti magetsi opita ku injini adutse mwa iyo, ikuuze kuti injiniyo ikudya motani. Yanga ija inali ya maampu, ndipo ine ndinaiika ngati ya mavolti. Magetsi ndinawapatsa njira yachidule, iwo anaitenga mosangalala.

Kusitolo ya m'tauni sindinapite. Masiku amenewo m'masitolo ena ife tinkagulira pawindo la kumbali, katundu osamugwira, ndipo mita si chinthu chogula usanachiyang'ane kumaso. Ndinapita kwa mdala wina wa ku Chifubu wokonza mawayilesi ndi magalamafoni, amene ndinkamupititsira magazini ndikatha kuwerenga. Mmawa umenewo ndikutulutsa njinga, akulu anandiitana.

"Ubwere ndi yoonetsa kulemera kwa ntchito. Pansi paja kutsogolo sumaona kwenikweni. Singano ndiyo inkandiuza kuti ngolo zalemera, kapena gudumu lagwira mwala."

Mdala uja anakhuthulira bokosi la zakale pathebulo n'kusankhamo mamita ang'onoang'ono awiri, ozungulira ngati pakamwa pa kapu.

Anayamba ndi mawu aulemu a chiBemba: "Imodzi yokha, mukwai. Inayo ndi maso anga a ntchito."

Ndinamufotokozera za mita ya lole. Anagwira pamutu.

"Imeneyo ngakhale mukanailumikiza bwino, siikanamva kanthu. Mungayeze mchere wa m'ndiwo pasikelo ya matumba a chimanga? Kainjini kanuko kamadya pang'ono, kakufuna mita yaing'ono." Kenako anakankhira ya mavolti kwa ine. "Tengani iyi. Muli pa batire inu. Batire imafa mwakachetechete, iyi ndiyo ingakuchenjezeni."

Ankanena zoona, ndipo magazini anga ankagwirizana naye. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, iyi kudzanja ili, iyo kudzanja linalo, ngati munthu wosankha mkazi pamsika. Ndinatenga ya maampu.

"Ndi inu eni ake," anatero mdala.

"Eni ake ali kunyumba," ndinatero.

Loweruka masana ndinaboola chivundikiro cha chitini cha mabisiketi, kulowetsamo mita ija, kudula waya mmodzi yekha, uku akazi anga atachotseratu nsalu iliyonse m'chipindamo. Akulu tinawakhazika pampando, pilo kumsana. Anapotokola kabokosi ka liwiro pang'onopang'ono. Kasitima kananyamuka, singano inadzuka, n'kumakwera, kukwera, mpaka kasitima kanaima pamalo pake pa masiku onse.

"Waona?" anatero. "Ikagwa pansi, ndiye kuti njira yaduka penapake. Ikakwera chonchi, injini ikubanika. Tsegula."

Ndinamasula timasikuluwu ndi nsonga ya mpeni. M'kati munali fumbi lolimbirana ndi mafuta akale, ndi ubweya wa galu wa bwana utazinga pa timawilo. Ndinatenga nthenga ya nkhuku, kuiviika m'palafini, n'kuyamba kutokosa. Akulu ankayang'anitsitsa chakudacho chikutuluka.

"Ukatha pamenepo, nthengayo usataye," anatero, akudziloza pachifuwa. "Undilowetseko nanenso muno."

Anaseka okha. Akazi anga anatuluka, ati akaone madzi pamoto.

Nditadontheza mafuta a makina osokera n'kutseka, kasitima kanazungulira. Kanadutsa pamalo pake paja osatsika liwiro, kanabwerera poyambira, kanapitirira. Ine ndinakuwa ngati ndalandira ndodo ya ufumu. Akulu sanayang'ane n'komwe kasitimako. Maso awo anali pasingano, dzanja pakabokosi, akuwonjezera pang'ono pokhota, kuchepetsa poongoka. Nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo. Ndinazindikira kuti ndi imene ankakhala nayo pansi, kumene ife a m'banja sitinafikeko.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikaweruka ndinkawapeza atakhala kale pampando kundidikira. M'tingolo ankaikamo timiyala ta pabwalo kuti singano ikwereko. Mluzu sankatha kuimba chifukwa cha mpweya, ndiye asananyamuke ankagogoda supuni pakapu. Nthawi zina chifuwa chinkawagwira ali pakati pa ulendo, koma ankayamba aimitsa sitima bwinobwino, kenako n'kutsokomola.

Lamlungu lomaliza, titabwera kutchalitchi, anati tiyendetse kotsazikana. Kanazungulira kangapo, kenako kanayamba kukwawa. Singano sinakwere. Inkatsika pang'onopang'ono mpaka inagona, kasitima n'kuima kutali ndi poyambira. Batire inali itatha, ndipo galaji imene ndinkaitchajitsako inali yotseka. Mita yondichenjeza ndinali nditaisiya ku Chifubu.

Ndinadzambatuka kuti ndikagogode kwa aliyense wodziwana ndi dalaivala, mwina n'kubwerekako batire ina.

"Khala pansi, iwe," anatero akulu. "Shifiti yatha."

Ananyamula kainjini ndi dzanja n'kukaika poyambira, tingolo kumbuyo kwake. Anakhuthula timiyala tija m'chikhatho n'kundipatsa kuti ndikataye panja. Anati sitima siisiyidwa ili ndi katundu, wolowa mmawa angakutukwane.

Kutacha ndinawaperekeza kusiteshoni. Kwathu ku Katete kulibe njanji: umakwera sitima mpaka ku Lusaka, kuchokera kumeneko ndi lole, msewu wafumbi wokhawokha. Ndinawapezera malo pafupi ndi zenera, akazi anga anawaikira kamba pamiyendo. Ndinali nditakonzekera mawu ambiri, ena ochokera m'mabuku, koma chimene ndinanena n'chakuti atseke pakamwa ndi mpango akakwera lole.

Uthenga unabwera mvula yoyamba itagwa, ndi munthu wa kwathu wodzafuna ntchito. Maliro anali ataikidwa kale. Batire ndinabweza kwa mwini wake, thabwa lija ndinaliphimba ndi thumba n'kuliimika kukhoma.

Patapita masabata, tsiku lina ndikusesa pakhomo, anaima pampanda mayi wina wachiBemba wogulitsa ndiwo zamasamba, amene zenera lake linayang'anizana ndi lathu. Sitinkacheza kwenikweni, kupatula moni. Anatula dengu pansi n'kundiyang'ana.

"Aneba," anatero m'Chinyanja chake chokoka, "kasitima kanu kaja muziyendetsako madzulo. Ine ndinkamva zonse ndikusadzula masamba, kasupuni, kasitima, ndi chifuwa chija. Poyamba chinkandisowetsa mtendere. Lomba kwanu kwakhala zii, ndipo ndikulephera kuzolowera."