Tsiku Limene Malemu Anatuluka Thukuta

Inu amene mukuti zanu zathera pompa, takhalani pansi mumve za munthu amene anafika pakhomo penipeni pa mochale, nsalu ili kale kumaso.

Anali wophika buledi pa bekale ina mumzinda. Matenda a shuga ankamudya mwakachetechete iye osadziwa, mpaka tsiku lina anangogwa chagada pakati pa matumba a ufa. Kuchipatala anayesa apa, anayesa apo, kenako anapukusa mitu. Mkazi wake ndiye anamutseka maso ndi zala zake. Anagwira chipumi chozizira ngati simenti, n'kuona nsalu yoyera ikukwera kuchoka pachifuwa, kudutsa pachibwano, mpaka nkhope yonse kubisika.

Kabedi ka matayala kakulira kwii, kwii m'khonde lalitali lopita ku mochale, mtembo uja unatsokomola. Wokankha kabediko analiyatsa liwiro, kusiya nsapato imodzi pomwepo.

Madokotala anafotokoza bwinobwino kuti mtima unali usanaime, unkangogunda chapansipansi. Koma anthufe nkhani yomveka bwino sitikhala nayo pansi, timakonda yoimitsa tsitsi. Pobwerera kunyumba, bamboyu anapeza dzina latsopano likumudikira pakhomo: Malemu.

Poyamba iyenso ankaseka nawo. Kuseka kunatha ataona ana akubalalika iye akangotulukira pakona, ndipo mayi wa pagolosale akumuikira sopo pakauntala m'malo momupatsa m'manja. Kuntchito bwana anamuitanira pambali.

"Achimwene, ine ndilibe nanu chifukwa. Koma makasitomala akuti sangadye buledi wokandidwa ndi munthu wochokera kumanda. Muzikasesa kuseri uko, kumene sakuonaniko."

Zonsezo akanazipirira. Chimene chinkamupweteka chinali m'nyumba mwake momwe. Mkazi wake ankamuphikira, kumuchapira, kumukumbutsa mankhwala, osaphonyako. Koma kumukhudza ayi. Mbale ankaiika patebulo n'kubweza dzanja msanga ngati wagwira moto. Anasamukira pasofa pabalaza, akuti kuchipinda kukutentha.

M'mawa wina Malemu atatsegula maso anaona mkaziyo ataima pakhomo la chipinda, ali phee, maso ali pachifuwa chake, kudikira kuti aone ngati chikukwera ndi kutsika.

"Mayi, kodi mukundiopa?"

"Sindikukuopani, bambo. Koma ndinakugwirani tsiku lija. Manja angawa akukana kuiwala."

Sabata yomweyo chikwama chimene chinkakhala pamwamba pa wadirobu chinatsika. Mkaziyo ankaikamo zovala pang'onopang'ono, lero bulauzi, mawa mpango, akuti akufuna kukapumako kwa achemwali ake. Malemu sanali mwana. Ankadziwa kuti opita kukapuma motero sabwerera.

Ndipo choopsa n'chakuti nayenso anayamba kuwakhulupirira anthu aja. Chimuchotsereni pa uvuni, manja ake ankangokhala ozizira. Nthawi zina akusesa kuseri kwa bekale ankaima, n'kumvetsera, ngati akumvanso kulira kwa matayala aja kukubwera kudzamaliza ulendo umene unasiyidwa panjira.

Amene anamutsegula maso anali nesi wa kukiliniki ya shuga, mayi wosadziwa kunyengerera.

"Bambo, mankhwala okha sakwanira. Muziyenda. Osati kuyenda kwa mkwati, muziyenda mpaka thukuta lituluke."

Anayamba choncho, kuzungulira nyumba zapafupi, akupuma wefuwefu, anthu akusuzumira m'makatani. Kuyenda kunasanduka kuthamanga kwa wothawa mvula, kenako anayamba kubwerera kuchokera kuntchito ndi miyendo, maswiti ali m'thumba kuopa shuga angatsike. Anagwapo, ananyuka maondo, anadzukanso. Miyezi inapita.

Mlamu wake, mchimwene wa mkazi uja, mlonda wa pasitolo ya nsapato, sankamusiya.

"Alamu, mukuthawa ndani? Kapena akumochale akufuna mukabweze nsalu yawo?"

Pakamwa pake panali pamenepo, koma mtima unali wina. Ndi iye yemweyo amene anamubweretsera nsapato zothamangira, n'kukamulembetsa ku mpikisano waukulu umene amatseka misewu ya mzinda wonse, anthu n'kuthamanga makilomita makumi anayi ndi awiri.

"Mukakomoka musade nkhawa, alamu, njira mukuidziwa kale."

Malemu anapita kwa mkazi wake, amene anali akupinda diresi lomaliza.

"Mayi, musapite kaye. Mudzabwere pothera mpikisano. Mukadzandiona ndikufika ndi miyendo yangayi, mudzasankhe nokha chochita."

Mkaziyo anaika diresilo m'chikwamamo. Koma zipi ya chikwama sanaikoke tsiku limenelo.

Tsiku la mpikisano anthu anali nyomi, mitu yokhayokha mpaka kumene maso amalekezera. Palibe amene ankamudziwa. Mapewa a anthu ankamugunda uku ndi uku, osatinso wina kudzidzimuka kapena kudzipukuta. Anatsala pang'ono kulira mpikisano usanayambe n'komwe.

Theka loyamba linayenda bwino. Kenako miyendo inayamba kulemera ngati wamangirira matumba a ufa. Anamupitirira anyamata, anamupitirira azimayi, anamupitirira mdala wina wa imvi amene ankathamanga uku akuimba. Phokoso la ochemerera linkamveka patsogolo, likutalikira, mpaka linazimiratu.

Mzinda wopanda magalimoto ndi chinthu choopsa, abale. Dzuwa lili pamutu, koma msewu waukulu uli zii. Maloboti ankasintha okha, kufiira, kubiriwira, popanda womuimitsa kapena womulola. Makapu a mapepala ankagubuduzika ndi mphepo. Zidole za m'mawindo a masitolo otseka zinkamuyang'ana ndi nkhope zopanda maso. Pamatebulo a madzi anapeza anthu akupinda kale miyendo ya matebulo, osamuyang'ana n'komwe, ngati wadutsa ndi mphepo chabe.

Ndi pamene anamva injini kumbuyo kwake, ikulira chapansipansi.

Anacheuka. Galimoto yoyera, yaitali, nyale zili ngwee masanasana, inkabwera pa liwiro la maliro. Iye akawonjezera, nayo inkawonjezera. Akatsitsa, inkatsitsa.

Mlamu wake anaiwala kumuuza chinthu chimodzi. Mipikisano ikuluikulu yotere imakhala ndi galimoto yotsekera kumbuyo, yotola onse amene alephera, kuti misewu itsegulidwe. Malemu sankazidziwa zimenezo. Iye anangoona kuti amene anawathawa tsiku lija amupeza.

Galimoto inafika pambali pake, chitseko n'kutseguka chokha. Munatuluka mphepo yozizira ndi fungo la mankhwala. Mkatimo munali anthu atakhala m'mizere, mitu ili pansi, palibe woyankhula, aliyense atakulungidwa m'nsalu yoyera yonyezimira. Wina anali atafunda mpaka kumutu. Pakhomo panaima munthu atatambasula nsalu ina, yatsopano, yoti imukwane iyeyo.

"Bambo, mwayesetsa," anatero dalaivala ndi mawu ofatsa. "Kwerani mupume."

Ndisakunamizeni kuti sanafune. Anafuna. Mapazi anali atatupa, m'kamwa muli gwaa, ndipo mpando wopanda munthu unali pafupi, woti angokweza mwendo umodzi basi. Anaganiza kuti mwina anthu aja ankanena zoona, kuti malo ake ndi amenewa, pakati pa ofunda nsalu. Koma anakumbukira chikwama chija, ndi mkazi woima pakhomo la chipinda kudikira kuti aone ngati mwamuna wake akupuma. Akafika atanyamulidwa, atakulungidwa m'nsalu yoyera, mkaziyo akaona chiyani?

"Ayi, achimwene," anayankha, mawu akutuluka modukaduka. "Ine kunyamulidwa ndinanyamulidwapo kale. Lero ndikafika ndekha."

Dalaivala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Lamulo lake ndi ili, bambo. Mukangoima, tikunyamulani. Ndikakupitirirani, msewu utsegulidwa, mpikisano wanu wathera pomwepo."

"Ndiye musandipitirire."

Dalaivala anayang'ana wotchi, anatsonya, n'kutseka chitseko.

"Bola musaime."

Anaponya switi m'kamwa n'kupitiriza. Kutsogolo msewu unkalowa pansi pa milatho, m'ngalande yaitali ya mdima ndi chinyezi. Atangolowamo, thukuta linazizira pamsana. Mabuleki a galimoto ija ankalira kwii, kwii, makoma n'kumabwezera kulirako, ndendende kabedi ka m'khonde lija. Anatseka maso, ndipo anamva ngati nsalu ikukwera pachibwano.

Atawatsegula anaona chinthu chikuthamanga patsogolo pake. Chinali chithunzithunzi chake, nyale za galimoto zitachitambasula pamsewu, chachitali, chotsimphina, chosaoneka bwino ngakhale pang'ono. Koma chinkapita chitsogolo. Anachitsatira.

Kenako kumbuyo kunamveka kugogoda. Gu, gu, gu. Mmodzi wa ofunda nsalu aja ankamenya galasi ndi chibakera. Wachiwiri anayamba, wachitatu, mpaka galimoto yonse inkagwedezeka. Windo linatseguka, mutu n'kutuluka, nsalu itagwera m'khosi.

"Tiye, mdala! Tiye! Utithamangire ifenso!"

Anatuluka m'ngalandemo, dzuwa n'kumumenya kumaso.

Pothera mpikisano anapeza antchito akutsitsa kale zikwangwani. Anthu anali ochepa, oti n'kuwadziwa nkhope. Mlamu wake ankalumpha, mawu atasasa. Pambali pake panaima mkazi uja, manja ali pachifuwa, ndipo pamapazi pake panali chikwama chija, zipi itakokedwa. Anabwera nacho kuti akangoona, apitirire kokwerera basi.

Malemu anadutsa mzere womaliza, galimoto yoyera ili pambuyo pake ngati ng'ombe yotsatira mbusa. Anawerama, manja pamaondo, dziko likuzungulira.

Ku mipikisano yotere aliyense womaliza amamufunditsa nsalu yonyezimira ija kuti thupi lisazizire mwadzidzidzi. Mtsikana wogawa nsaluzo anathamanga, n'kumuponyera ali chiweramire, ndipo nsalu inamukuta mutu wonse.

"Ayi! Osamufunditsa kumaso!"

Anali mkazi wake. Anadumpha chikwama, anakankha chotchinga, anafika n'kuikoka nsaluyo ndi mphamvu mpaka inang'ambika pakona. Asanadziwe chimene akuchita, manja ake onse awiri anali atagwira nkhope ya mwamuna wake.

Anakhala choncho, osachotsa. Thukuta linkatsika m'zala zake mpaka m'zigongono. Anasuntha dzanja kuliika pachipumi, pamalo pomwe paja, kenako pachifuwa, pamene mtima unkagunda ngati ukufuna kutuluka.

"Bambo," anatero, "mukutentha. Mukutentha ngati uvuni."

Malemu anafuna kuyankha, koma kunangotuluka kulira. Mkaziyo anatola nsalu ija, anamufunditsa m'mapewa yekha, n'kuimanga pachifuwa, nkhope kuisiya poyera.

"Achemwali, samalani," anatero mlamu uja akupukuta maso ndi kolala ya malaya, "malemu ameneyu akununkha thukuta koopsa."

Palibe amene anamuuza, koma mlamuyo ananyamula chikwama chija n'kulowera njira ya kunyumba, osati ya kubasi.

Bamboyu anamaliza pambuyo pa aliyense, mphoto sanapate, ndipo dzina lija silinachoke. Mpaka lero akamadutsa m'mawa ndi nsapato zake zothamangira, anthu amakuwa kuti, "A Malemu, mwadzuka bwanji?" Iye amakweza dzanja n'kuyankha kuti, "Ndadzuka ndithu." Kunyumba, sofa ija anaibwezera ntchito yake yokhalapo alendo.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina nanunso alipo amene anakufunditsani nsalu mukupumabe. Mwina ndi mayeso amene munalephera, ntchito imene inatha, matenda, kapena achibale amene anakulirani kale muli moyo. Galimoto yoyera idzabwera pambali panu, chitseko chidzatseguka, ndipo mawu ake adzakhala okoma kwambiri. Musakwere. Kaya mukutsimphina, kaya ndinu womaliza, kaya matebulo a madzi apindidwa, ponyani phazi linalo patsogolo. Pothera pali munthu amene akudikira kuti akugwireni aone ngati mukadali ofunda.

Mtima wanuwo ukugundabe. Musautaye.