Amene Anasoka Mwendo wa a Chalío

A Rosalío Henríquez, amene aliyense m'tauni ya Sensuntepeque amangowatchula kuti a Chalío, akhala akusoka nsapato pageti lakumunsi la msika kwa zaka zoposa makumi awiri. Ali ndi mwendo umodzi. Amayi ogulitsa tomato pafupi nawo amawaseka kuti ntchito anasankha mochenjera, poti nsapato yawo ndi imodzi basi, siiwadyera nthawi. Iwo amayankha kuti wa miyendo iwiri ndiye wotaya nthawi, tsiku lonse kuyendayenda kukamva za eni.

Mwendo winawo unatsala kunkhondo, koma nkhani yake inayambira m'basi. Mu 1985 Chalío anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ankafuna kukathyola khofi kuminda ya kum'mawa. Akapitawo a kumeneko ankafuna chiphaso, iye analibe, ndiye anabwereka cha mkulu wake Fermín. Nkhope zawo zinali zofanana ngati mapasa. Basi isanafike pamlatho, asilikali anaiimitsa n'kutsitsa anyamata onse.

"Ndine mwana, bwana, zaka sizinakwane," anadandaula Chalío.

Msilikali anayang'ana chiphaso chija. "Pano alemba kuti ndiwe Fermín, mnyamata wamkulu ndithu. Kapena si chako? Nena mwini wake ali kuti, tikamutenge iyeyo."

Fermín anali atangokwatira, mkazi wake ali woyembekezera. Chalío sanafune kuti akamutenge.

"Ndi changa, bwana."

Kuyambira tsiku limenelo m'mabuku a asilikali anali Fermín. Patatha chaka ndi miyezi ingapo, akukwera kanjira ka m'phiri, anaponda bomba lokwirira pansi. Zipolopolo zinayamba kulira mbali zonse, anzake anabwerera m'mbuyo, iye n'kutsala m'thengo. Amene anamutola anali adani, aja ankamenyana ndi boma, amene anthu ankangowatchula kuti a kumapiri. Za masiku amenewo sankakumbukira zambiri: mthunzi wa mtengo, fungo la mowa wa nzimbe umene ankatsukira bala, ndi mawu a mayi wina amene anali atamanga nsalu kumaso. Kenako anamunyamula pachitseko n'kukamusiya pakhomo la tchalitchi, ansembe n'kupita naye kuchipatala. Dokotala atamasula nsanza anati amene anasoka apa ankadziwa singano, palibe chobwereza.

Nkhondo itatha, olumala onse analembedwa kuti azithandizidwa. A Chalío anawalemba ndi dzina lomwe lija la m'buku la asilikali, ndipo iwo sanaone chifukwa chovutira. Mwendo woikirira ankalandira, mankhwala a ululu ankalandira. Anakwatira a Herminia, anabereka ana aakazi atatu, anaphunzira kusoka nsapato. Fermín weniweni anapita ku America kukagwira ntchito ya zomangamanga, ndipo anakhala kumeneko mpaka tsiku limene anagwa kuchokera pamwamba pa nyumba. Maliro anabwera kumudzi, anamuika pafupi ndi mayi awo, imfa yake n'kulembedwa kuboma.

Patapita miyezi ingapo mwendo woikirira wa a Chalío unang'aluka pachidendene. Atapita kukapempha wina, kalaliki wa pawindo anayang'ana pakompyuta, n'kuwayang'ana iwo, n'kuyang'ananso pakompyuta.

"Bambo, pepani, koma inu munamwalira mwezi wa Malichi."

"Ine? Ndiye wakwera masitepe onsewa ndi ndani?"

"Sindikudziwa. Komanso ngati si inu a Fermín, zaka zonsezi mwakhala mukulandira za munthu wina. Samalani, nkhani ngati imeneyi imathera kupolisi."

Anabwerera ndi mantha, ndipo sanapitenso. Kwa zaka ziwiri anayenda ndi mwendo womanga ndi waya ndi chubu cha njinga. Unkawatupula, zilonda zinkatuluka, masiku ena ankalephera ndi kufika kumsika komwe. A Herminia anawauza kambirimbiri kuti apite kwa a Ondina Recinos, loya amene ankathandiza ovulala kunkhondo, koma iwo ankakana. Anali atamva kuti pabenchi ya kumeneko pamakhalanso a kumapiri.

"Ndikakhale phewa ndi phewa ndi anthu amene anandidula mwendo?"

"Ndiye khalani pano uwole wotsalawo," anatero a Herminia. "Koma ine sindidzakunyamulani, msana wanga unatha kale ndi ana anu."

Mawa lake anapita.

Ofesi ya a Ondina inali zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya misomali ndi utoto. Pakhomo, m'malo mwa masitepe, panali potsetsereka pa simenti pamene olumala omwewo anawaka okha kuti njinga zawo zizilowa. A Ondina anali mayi wamfupi, wa imvi za patalipatali, magalasi akulendewera pachingwe. Anamvetsera nkhani yonse osawadula mawu, kenako anapempha kuona mwendo uja. Ataona waya ndi chubu anagwedeza mutu.

"Kupolisi simupita, zimenezo chotsani mumtima. Munali mwana, ndipo anakugwirani mokakamiza. Kalata yanu ya ubatizo tikaipeza. Vuto ndi limodzi: palibe pepala lonena kuti amene anaponda bomba ndi Rosalío. Mayi anu anatisiya, ndipo anzanu a kunkhondo amakudziwani kuti Fermín. Kodi kumeneko palibe ndi mmodzi yemwe amene munamuuza dzina lanu lenileni?"

A Chalío anayankha kuti, "Kapena mayi uja anandisoka. Ndinkaona ngati ndikufa, ndiye ndinalankhula zambiri. Koma nkhope yake sindinaione, dzina sindilidziwa, mwina anafa kalekale."

A Ondina analemba dzina la phiri lija ndi mwezi wake. Kwa miyezi isanu ndi itatu, aliyense wa kumapiri amene anabwera ndi nkhani yake ankafunsidwa funso limodzi asanatuluke: ndani ankasoka ovulala kuphiri lakutilakuti mu Ogasiti 1986? A Chalío sankadziwa zimenezi. Iwo ankangoona masiku akupita, n'kumati maloya onse ndi amodzi.

Kumayambiriro kwa Disembala, mphepo ya kumpoto itayamba kuulutsa fumbi mumsika, a Ondina anaima pabenchi yawo ya nsapato.

"Loweruka tikukongoletsa ofesi. Mubwere ndi guluu wanu uja, tili ndi nkhosa zothyoka."

Anapeza ofesi itasanduka chisa cha njuchi. Mafayilo anali atawaunjika pakona n'kuwafunditsa nsalu, ndipo patebulo lalikulu ankamangapo chifanizo cha khola la Betelehemu monga ankachitira chaka chilichonse. Amayi awiri ankanyika utuchi mu utoto, wobiriwira wa udzu, wofiirira wa misewu. Bambo wina wa panjinga ya olumala ankamasula timagetsi topiringizana pamiyendo pake akutukwana motsitsa mawu. Wolamula zonse anali a Cástulo, amene kale anali sajeni wa asilikali a boma, a dzanja limodzi ndi mawu a anthu khumi.

"Phiri limenelo lapendekeka! Inu a kumapiri, zaka khumi ndi ziwiri munakhala m'phiri, osadziwa maonekedwe ake?"

"Tinkaliona bwanji inu mukuliphulitsa tsiku ndi tsiku?" anayankha wa panjinga uja, anthu n'kufa nacho chikhakhali.

A Chalío sanaseke. A Ondina anawakhazika pakatebulo kapakona, n'kuwapatsa katoni ya tizidole tadothi ta ku Ilobasco: abusa, amayi osenza mitsuko, chidakwa chogona pansi ndi botolo, ndi nkhosa zambiri zopanda miyendo. Mbali inayo kunakhala mayi wachikulire wowonda, diso limodzi lotsekeka, akupinda m'mphepete mwa nsalu yabuluu yoti ikhale thambo.

"Awa ndi a Dominga Lemus," anatero a Ondina, n'kuchokapo.

Aliyense anayamba ntchito yake. Patapita kanthawi mwendo unayamba kuwawa, ndipo a Chalío anamasula chubu chija n'kuuimika pakhoma. A Dominga anasiya singano.

"Tatembenukirani kowala kuno, bambo. Aloya anandiuza za inu, koma ndinati sindingalumbire ndisanaone."

Anawerama, n'kuyendetsa chala pachipsera chija pang'onopang'ono, kuchokera mbali ina kufika mbali ina.

"Msoko uwu ndi wanga. Ndinali telala nkhondo isanayambe, ndipo pomaliza ndinkabwereza kawiri ngati pathumba la buluku." Anadzutsa mutu. "Mayi anu anali a Gertrudis, a ku Victoria, nyumba ya kuseri kwa chigayo. Tsiku lonse munkangonena chimodzimodzi: mukawauze amayi kuti wafa ndi Chalío, asalire Fermín. Tinkadabwa, poti m'thumba mwanu munali chiphaso cha Fermín. Dzina limenelo linandikhala m'mutu zaka zonsezi chifukwa uthengawo sindinakaupereke."

A Chalío anaika patebulo kankhosa kamene anagwira. Atatsegula pakamwa, mawu amene anatuluka sanali amene a Ondina ankayembekezera.

"Bomba lija munakwirira ndi inu."

"Osati ndi manja angawa, koma anzanga, inde. Sindingakane," anatero a Dominga. "Ndege imene inandichotsa disoli, n'kunditengeranso mwana wanga wamkazi, inali ya kwanu. Tsiku limene anakubweretsani mwanayo anali atatha masabata atatu m'manda."

"Ndiye munandisokeranji?"

"Munali kamwana, ndevu mulibe. Ndikanatani?"

A Cástulo anakhosomola. "Guluu akuuma uyo, Chalío. Nkhosa zikudikira."

A Chalío anamata mwendo wa nkhosa ija, n'kutenga ina. Anamata zinayi osayang'ana munthu. Kenako, maso ali pansi, anati, "Komatu msoko wanu ndi wokhota."

"Wokhota? Ndinasoka ndi ulusi wowedzera nsomba, pansi pa mtengo, inu mukutukwana mayi anga ndi agogo anga omwe. Mukanakhala phee ukanawongoka."

Nthawi imeneyi a Chalío anaseka, misozi ikutsikira m'ndevu. Mawu oti zikomo sanawanene tsiku limenelo. Koma poyang'ana pansi anaona nsapato za a Dominga, zong'ambika kutsogolo, zidendene zitadyeka mpaka kumisomali.

"Tavulani izo, mayi."

Zida anali nazo m'chikwama. A Dominga anamaliza thambo lija ali osavala kanthu kuphazi, anzawo akupachika timagetsi ndi nthambi za paini pawindo, ndipo pamene a Ondina ankagawa khofi ndi buledi wotsekemera, nsapato zinali zitasokedwa kawirikawiri, zopakidwa polishi.

Mwezi wa Malichi a Dominga anakwera basi kuchokera kumudzi kwawo kudzaima pamaso pa woweruza. Loya wa mbali inayo anayesa kuwasokoneza ndi masiku, koma iwo anafotokoza zonse mwadongosolo, mpaka ndi chipsera cha chikwanje chimene mnyamatayo anali nacho pabondo. A Chalío anapinda buluku, chipsera chinalipo. Mu Julayi chigamulo chinatuluka chakuti wovulala kuphiri kuja anali Rosalío Henríquez, ndipo mabuku akonzedwe. Mwendo watsopano anaulandira mvula ya kumeneko, imene imagwa mpaka Okutobala, isanathe, wopepuka, wopinda bwino, moti tsiku loyamba anazungulira msika wonse kawiri popanda chokagula.

Atachoka pamenepo analunjika ku ofesi kuja, chipewa chili m'manja.

"Aloya, ine sukulu sindinapite patali, mawu okwanira ndilibe. Munandidzutsa kwa akufa. Ndikuchitireni chiyani?"

"Mukathokoze a Dominga, ine ndinangofunsa mafunso," anatero a Ondina. "Koma ngati mukufunadi, Lachitatu lililonse pabenchi apo pamakhala anthu amantha ngati mmene munalili inu. Muzibwera kudzacheza nawo."

Ndi zimene akhala akuchita mpaka lero. Lachitatu m'mawa amatseka bokosi la nsapato, n'kukakhala pabenchi ya a Ondina. Wobwera kumene akakhala kumapeto, atakumbatira mapepala ake, a Chalío amasendera pafupi, ndipo safunsa kuti anali mbali iti. Amafunsa kuti chavuta n'chiyani, n'kumuuza kuti pano ndi pamene pamathandiza, angopirira.

A Dominga akalamba tsopano, ndipo diso lotsala lija likuchita khungu. Loweruka loyamba la Disembala a Chalío amakwera basi yam'mawa kukawatenga, n'kubwera nawo atawagwira pamkono. Njira yonse amakangana za nkhondo, yemwe anayamba ndi yemwe analakwa, ndipo sanagwirizanepo ndi kamodzi komwe. Akafika, a Herminia amakhala atafika kale ndi dengu la matamale otentha, mikate ya ufa wa chimanga yokulunga m'masamba a nthochi, ndipo oyamba kulandira amakhala a Dominga.

Chaka chathachi, poti kusoka sakuthanso, anawapatsa ntchito yowaza utuchi. Anawaza wobiriwira pamsewu, wofiirira padambo, mpaka ngamila za anzeru a kum'mawa zinaima mu udzu wofika m'mawondo. A Cástulo atatsegula pakamwa kuti akalipe, a Chalío anawaponda phazi ndi mwendo woikirira uja.

"Zakhala bwanji?" anafunsa a Dominga, akupukuta manja pasiketi.

"Zakongola, mayi. Ku Betelehemu chaka chino mvula yagwa bwino."