Zala Zitatu ndi Pinselo ya Che Mussa

Chinayamba ndi banga. Banga lotuwa pamkono wamanja, pamwamba pa chigongono, kukula kwake ngati tsamba la mbatata. Silinkayabwa, silinkapweteka, silinkatuluka thukuta. Inali nthawi yozizira, chimanga titakolola kale. Ndinati ndi chikanga, ndinapakapo masamba, ndinaiwala.

Ine ndine mayi a Roza, wa kugombe la Chiuta. Ntchito yanga inali yowamba nsomba, chibwerere kuno kuchokera ku Malawi kumene tinathawira nkhondo. Zilembo zochepa zimene ndikudziwa ndinaziphunzira komweko ndili wamkulu kale, ndiye ndilemba monga ndimayankhulira, ndipo pena ndiimba. Mundikhululukire, ndi mmene ndinabadwira.

Chizindikiro chachiwiri ndinachilandira ndi nthungululu. Milamba ikakhala pawaya, moto uli pansi, anzanga ankaitembenuza ndi kamtengo. Ine ndinayamba kuitembenuza ndi dzanja lokha, osamva kutentha. Amayi a padoko ankaomba m'manja, amvekere dzanja la mayi a Roza ndi chitsulo. Ine kunyada. Ndinkachitira dala, kutola khala ndi zala, kuliika pomwe ndafuna, uku ndikudula chiuno. Mayo ine, ndinkavinira matenda. Matuza ankatuluka, ankaphulika, ankapola, osapweteka, ine n'kumati ndi kukhwima kwa ntchito. Chaka chinatha choncho, ndi miyezi pamwamba.

Mvula yachiwiri itayamba, kachala kakang'ono ndi chinzake choyandikana nacho zinayamba kupindika ngati phazi la nkhuku. Singano inkandigwa. Kumanga kapulana, chitenje chathu, m'chiuno kunkanditengera nthawi. Tsiku lina Roza, mwana wanga woyamba, anakuwa ali poteropo kuti ndichotse dzanja. Ndinali nditatsamira waya ndi chikhatho, ndikucheza. Ndinaona utsi ukufuka padzanja langa ngati dzanja la munthu wina.

M'mawa mwake mkamwini anandikweza panjinga mpaka kuchipatala cha ku Chiuta. Anatsuka balalo, n'kutitumiza ku vila, kutauni ya Mecanhelas. Kumeneko tinakhala pabenchi kuyambira dzuwa lili pamapewa mpaka litapendeka. Enifermera, ndiye kuti namwino, amene anandiona anali mayi wa mawu otsika. Anatenga kathonje.

"Tsinzinani, agogo. Ndikakukhudzani, lozani pamene ndakhudza."

Pamkono wamanzere ndinaloza, patsaya ndinaloza. Kenako ndinangokhala, kudikira, kudikira. Ndinati yambani, mayi.

"Ndakukhudzani kasanu kale pabangapo."

Anafinya mtsempha wa pachigongono, unali wotupa ngati chingwe cha ukonde. Kumsana anapeza mawanga ena amene ine sindinkawaona. Atasamba m'manja anakhala pansi, n'kundiyang'ana m'maso.

"Ndi khate. Limachira, mankhwala alipo, mumwa miyezi khumi ndi iwiri. Koma mtsempha umene wafa kale sitingaudzutse. Zala ziwirizi mwina zapita. Zitatu zotsalazi zayamba kufooka. Mukazisiya osazigwiritsa ntchito, nazonso ziuma."

Sindinalire pamenepo. Ndinalira panjinga, kumbuyo kwa mkamwini, njira yonse.

Mwezi uliwonse ndinkapita kukatenga kapaketi ka mapiritsi. Oyamba ndinkamwera pamaso pa enifermera, otsalawo kunyumba, tsiku ndi tsiku. Mikodzo inafiira, anali atandiuziratu. Khungu linada ngati kunsi kwa mphika, ndipo pamenepo padoko anadziwa. Omwe ankaomba m'manja aja anasiya kundipatsa nsomba zowamba. Kumaliro kapu yanga inkakhala payokha. Roza anawauza mawu a kuchipatala, akuti munthu akayamba mankhwala sapatsiranso anzake, ndipo anaika khanda lake pamiyendo panga anthu akuona. Ine ndinamubwezera msanga. Sindinkaopa kulipatsira, ndinkaopa kuligwetsa.

Mwezi wachinayi mkono unatupa, thupi kutentha, chigongono kubaya ngati alowetsamo msomali. Anandigoneka masiku asanu ndi anayi, n'kundiwonjezera mapiritsi ena a mitsempha. Ndinatuluka ululu utachepa, koma chala chachikulu sichinkakumananso ndi cha mkombaphala. Ndinasiya kwaya. Ndinasiya kuimba ngakhale potunga madzi. Dzanja ndinalibisa m'kapulana, ndipo zowongola zala zimene anandiphunzitsa ndinazileka. Ndinkati chakufa chafa.

Lachinayi lililonse odwala khate tinkakumana pakhonde la chipatala cha ku Chiuta, aliyense ndi beseni lake. Kuviika manja ndi mapazi m'madzi, kukhula zikang'a ndi mwala, kupaka mafuta, kuyang'anana mabala. Ndinkapita chifukwa Roza ankandikakamiza. Kumeneko ndinapeza Che Mussa, bambo wachiyao wa kugombe lina. Kale ankalemba mayina pamasitolo a ku Cuamba, ndipo masiku opuma ankajambula maluwa papepala. Anachedwa kupita kuchipatala zaka zambiri. Manja awo onse awiri anangotsala zibakera, opanda chala ndi chimodzi chomwe.

"Mayi a Roza, mwabisa chiyani m'kapulanamo? Mlamba wakuba?"

Ndinawauza kuti asandiseke.

"Tulutsani tione chuma." Ndinatulutsa. "Zitatu! Zitatu zathunthu, n'kumakhala ndwii? Ine ndikadakhala nazo zitatu bwenzi nditakwatira wachiwiri."

Sabata yotsatira anabwera ndi kachitini m'thumba la pakhosi, n'kundiuza kuti nditsegule. Munali timibulu touma ta tinta, utoto wosungunula ndi madzi, ndi pinselo imodzi, burashi yojambulira. Sindinaonepo yotero. Ubweya wake unali wautali, wofewa, wodulidwa mopendeketsa ngati nsonga ya mpeni wotumbulira nsomba. Anati dzina lake ndi lomwelo, pinselo ya mpeni. Ukaiimika ndi nsonga imalemba kamzere ngati ulusi. Ukaigoneka imalemba chotakata ngati chala. Ukadziwa kuiimika, kuigoneka ndi kuipotoza ulendo umodzi osanyamula dzanja, limatuluka tsamba la bango lathunthu.

Kundiwonetsa sakanatha. Ankaphunzitsa ndi pakamwa pokha, chibakera chikuyenda m'mwamba. Chogwirira chinali chowonda, chinkandipulumuka, ndiye tinachikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga. Tinta anakaniza kaye. Ndinkaviika m'madzi okha n'kumalemba pasimenti ya khonde, dzuwa n'kumafufuta.

Panali povuta apa. Pinselo imeneyi imamvera kulemera kwa dzanja, ndipo ine kulemera kwa dzanja langa sindinkakumva. Ndikati ndakhudza pang'ono, ubweya unkaphwasuka ngati tsache. Ndikati ndapanikiza, ndinali m'mwamba, osakhudza n'komwe. Masabata atatu ndinkangotulutsa zithaphwi. Lachinayi lachinayi ndinaiponya pansi, ndinati tengani chinthu chanu, si cha anthu ngati ife.

Che Mussa sanaseke tsiku limenelo. Anayang'ana pinselo ili pafumbi, n'kunena motsitsa.

"Tolani, mayi. Ine sindingatole."

Ndinatola. Ndinaitsuka. 

Anati popeza dzanja silikundiuza kanthu, ndifunse maso. Ndisayang'ane zala, ndiyang'ane ubweya. Ukangoyamba kupinda, ndiko kukhudza. Ukagona mpaka pakati, ndiko kupanikiza, ndisapitirire. Koma maso ankathamanga, dzanja n'kumatsalira. Ndiye anandifunsa ngati n'zoona zimene amamva, zoti ndinali wotsogolera nyimbo. Anati ndiimbire dzanjalo, lidziwe nthawi. Ndinachita manyazi, mawu anali atachita dzimbiri. Koma ndinaimba, chapansipansi:

Ima ndi nsonga, mwana wanga,
gona ndi mimba,
tembenuka pang'ono,
dzuka, dzuka, uluka.

Linatuluka tsamba lopunduka, lonenepa kumutu ngati mbululu. Koma linali tsamba. Amayi a mabeseni anayamba kuvomereza nyimboyo, mapazi ali m'madzi.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri anandilola tinta. Pepala lenileni tinalibe, enifermera ankatisungira makatoni oyera a mankhwala, ife n'kumawatambasula. Ndinaphunzira kuti pinselo ya mpeni imamwa madzi ambiri, uyenera kuigunditsa pakansalu isanafike papepala. Ndinaphunzira kuti tsamba likadali lonyowa subwererapo, ukabwerera limasanduka matope. Ndinaphunzira kusakaniza chikasu ndi mtundu wa kumwamba kuti utuluke wamsipu. Ukamaliza utsuke, usalaze ubweya ubwerere ku mpeni wake, uigoneke. Kuiimika m'kapu ndi nsonga pansi, Che Mussa ankati kuli bwino uwatukwane.

Kupotoza kuja, kogubuduza chogwirira pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala, n'kumene enifermera ankafuna kuyambira kale, ine osadziwa. Mwezi uliwonse ankandipanitsa kapepala ndi zala ziwirizo, iwo n'kukoka. Kankangosololoka.

Mwezi wachisanu ndi chinayi bala la kuphazi kwa Che Mussa linakula, linayamba kununkha. Anawatumiza ku Cuamba. Ponyamuka ndinafuna kuwabwezera kachitini, anakana. Anati pinselo ikagona m'chitini njenjete zimadya, ndiisunge, akabwera adzaone ngati masamba anga asiya kufanana ndi mbululu.

Sanabwere. Uthenga wa imfa yawo unatipeza patapita masabata awiri, atawaika kale komweko tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chawo. Sindinaponde pamanda awo, sindikudziwa pamene ali. Lachinayi limenelo tinaviika manja. Ndinatenga katoni, ndinayamba mabango a kugombe, misozi ikugwera pa tinta, mtundu n'kumayenderera. Tsamba loyamba labwinobwino, lowonda kutsinde, lotakata pakati, losongoka kumapeto, linabwera sabata yotsatira. Ndinalikweza m'mwamba, ndinatembenuka kuti ndiwawonetse. Pamalo awo panali beseni la munthu wina.

Mwezi wachikhumi enifermera anakoka kapepala kaja. Anakoka, anakokanso. Kanang'ambika, chidutswa chinatsala m'zala zanga. Ndinaimba nthungululu m'chipinda cha mankhwala mpaka alonda anasuzumira. Anthu inu, ndinaimba. Agogo ndi imvi zanga ndinavina kuzungulira tebulo, kachidutswa ka pepala kali m'mwamba ngati mbendera.

Mapaketi khumi ndi awiri ndinamaliza osadumpha tsiku. Khate linatha, anandilembera pakhadi. Khungu likubwerera pang'onopang'ono. Zala ziwiri zija zinakhala chopindika, ndipo theka la chikhatho silimva kanthu mpaka lero. Kumoto sindiyandikirako, nsomba akuwamba ndi Roza. Madzi osambitsira mdzukulu ndimayesa ndi dzanja lamanzere, koma kumunyamula ndimamunyamula, kumubereka ndimamanga ndekha. M'mawa uliwonse ndimaviika, ndimakhula, ndimapaka mafuta, ndimafufuza bala ndi maso. Ndikatero ndimatsegula kachitini. Wachikasu watsala pang'ono kutha. Masamba a bango, a nthochi, a chinangwa ndawadziwa. Maluwa sindinafike nawo, mphunzitsi anapita tisanayambe.

Ndiye inu amene mukuwerenga, kaya akukuwerengerani. Mukaona banga losamva kukhudza, mukaona dzanzi losatha m'manja kapena m'mapazi, mukapsa osamva kuwawa, musadikire mvula ina. Musapite uku ndi uku, pitani kuchipatala sabata yomweyo, ndipo mankhwala mukayamba musawasiye. Manyazi sanabwezerepo munthu chala.

Che Mussa anafika kuchipatala opanda chala. Ine ndinafika ndi zitatu, ndipo ndikuimba nazo. Inu pitani zikadali zisanu.