Rex Tulloch ndi chingwe cha pa mlatho

Ku Te Anau palibe amene samudziwa Rex Tulloch. Ndi mdala uja amakhala m'kanyumba kobiriwira m'mphepete mwa msewu wopita ku Milford, wamfupi, wamapewa otambalala. Anabadwira pafamu ya nkhosa kufupi ndi Lumsden, koma nkhosa anadana nazo kuyambira ali mwana. Mtima wake unali pa chiwongolero. Anayamba ndi malole a ubweya, kenako basi ya ana a sukulu, mpaka analowa ntchito pakampani ina yonyamula achinyamata a zikwama zakumsana, aja amachokera ku Jeremani, ku Brazil, kaya kuti, kudzaona mapiri athu ndi kudzalipira kuti awaopseze.

Anakhalako zaka zoposa makumi awiri, ulendo wake umodzimodzi. Ankawatenga ku Wanaka, kuwatula ku Queenstown kuti akadumphe pa milatho ndi kuzunguzidwa mitu m'maboti a liwiro, kenako n'kudutsa nawo m'mbali mwa nyanja, kukwera mapiri, kulowa m'phanga loboola phiri, n'kutsetserekera ku Milford kumene madzi amchere amalowa pakati pa matanthwe. Msewu umenewu si wamasewera. Nthawi yozizira chipale chimagumuka kuchokera pamwamba, nthawi yamvula mathithi amatulukira paliponse. Koma Rex, zaka zonsezo, ngakhale penti ya basi sanaikandepo.

Mlandu wake unali umodzi, wosadziwa kusangalatsa anthu. Pakampani imeneyi kuyendetsa kunali theka chabe la ntchito. Dalaivala ankayenera kuimba pa chinkuzamawu, kupeka nkhani zabodza zoseketsa, kukhala woyamba kudziponya m'nyanja yozizira, ndipo akafika pa mlatho kukhala woyamba kumangidwa chingwe champhira kumiyendo n'kudumphira kuphompho. Rex ankangoti, "Phiri ndi ilo kumanzereko. Chimbudzi tiima patsogolopa. Dzolani mankhwala, kumene tikupitaku tintchentche take timaluma." Achinyamatawo anamutcha Agogo. Ulendo ukatha ankapereka nyenyezi pa mafoni awo posonyeza mmene dalaivala wawasangalatsira, ndipo Agogo ankapatsidwa zitatu. Zisanu zinkapita kwa mnyamata wina wa tsitsi lopota wotchedwa Weka, amene anagwetserapo basi m'ngalande akuimba nyimbo. Dziko ili, abale!

Tsiku lina anaitanidwa ndi bwana wake, Bryce, mwana wadzulodzulo amene Rex ankamunyamula pa basi ya sukulu mamina ali chuchuchu.

"Rex, mdala wanga, khalani pansi," anatero Bryce. "Kuyendetsa mumatha, palibe angatsutse. Koma anthu akuti basi yanu imakhala ngati ya maliro."

"Ya maliro imakafika kumene ikupita," anayankha Rex.

"Hahaha! Mwaona, nthabwala muli nazo, mumangozibisa. Tamverani. Nyengo ino ikatha tisankha amene atsale pa msewu wa Milford. Enawo akhala aganyu, tiziwaitana wina akadwala. Ine sindikukukakamizani, koma mutangodumpha kamodzi kokha, anawo aone kuti Agogo ndi chitsulo, nkhani ingathere pomwepo."

Chimene Bryce sankadziwa, kapena sankafuna kukumbuka, chinali chakuti zaka zingapo m'mbuyomo waya wa mpanda anaduka n'kumukwapula Rex pa diso lamanzere. Madokotala ku Dunedin anamata kansalu ka mkati mwa diso kamene kanamatuka, ndipo anamuchenjeza kuti asadzazondoke kapena kugwedezeka mwamphamvu. Laisensi ya basi ya anthu imafuna maso awiri athanzi. Likangofa limodzi, makiyi pathebulo.

Mkazi wake Noeline, amene amachapa nsalu za m'mahotela, anaimva nkhaniyo akupaka bata pa buledi. Mpeni anauika pansi.

"Mwapenga kodi inu? Adokotala aja anati chiyani?"

"Adokotala amanena zambiri. Anandiletsanso mapayi a nyama, ndafa ine?"

"Musandiyankhe zachibwana. Akakuchotsani akuchotseni. Nyumba ndi yathu, ana anakula, njala sitifa nayo."

"Si nkhani ya njala, Noeline," anatero Rex. "Msewu uja ndi wanga. Ndiupereke kwa Weka?"

Noeline anatolanso mpeni uja n'kupitiriza kupaka bata. Anakhala naye nthawi yaitali yokwanira kudziwa kuti mwamuna wake akauma khosi ndiye wauma.

Ulendo wotsatira, basi itaima pa mlatho m'mawa dzuwa lili phwee, Rex anazimitsa injini, n'kuimirira, n'kunena pa chinkuzamawu kuti lero ayamba ndi iye. M'basi munali chiphokoso chosaneneka. Mtsikana womanga zingwe anamufunsa monga amafunsira aliyense ngati ali ndi vuto la mtima, la msana kapena la maso. Rex anayang'ana achinyamata amene anali atakweza kale mafoni m'mwamba, n'kunena kuti alibe.

Anayenda modumphadumpha, miyendo yomangidwa, mpaka kumapeto kwa thabwa. Pansi mtsinje unkaoneka ngati kaulusi. "Agogo! Agogo! Agogo!" Mantha anali nawo, koma anatambasula manja n'kudziponya. Mphepo inamulowa m'kamwa. Kenako chingwe chinamukoka mwadzidzidzi, magazi onse n'kuthamangira kumutu, ndipo analendewera chadodolido akuseka ngati wamisala.

Madzulo a tsikulo anamugulira mowa mpaka anachita kukana. Mnyamata wina wa ku Ireland anamupsompsona padazi. Vidiyo inazungulira mafoni onse, ndipo Bryce anaimba foni yekha n'kunena kuti, "Ndinanena ine! Ndinu chilombo, mdala!" Rex anagona mtima uli mbee. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kutacha anaona timadontho takuda tikuyandama patsogolo pake. Anatiwomba ndi dzanja poganiza kuti ndi tintchentche tija, koma sitinathawe. Masana kunayamba kuphethira tikuwala kungodya ya diso ngati ziphaliwali zakutali. Anadziwa. Musamumvere chisoni ngati munthu wosadziwa, chifukwa zimenezi anaziona kale nthawi ya waya ija. Akanatsika pomwepo n'kuthamangira kuchipatala mwina bwenzi tikukamba zina. Koma m'basi munali mukuimbidwa nyimbo ya dzina lake, koyamba chiyambire ntchito, ndipo ulendo unali utatsala pang'ono kutha. Atafika ku Te Anau anagona kunyumba ya alendo pamodzi ndi achinyamatawo, nyumba yake ili pomwepa, poopa kuti Noeline akamuyang'ana kamodzi kokha aona zonse.

M'mawa mwake ananyamuka wa ku Milford. M'chigwa muja anayenda bwino. Koma atayamba kukwera, mdima unayamba kutsika m'diso lamanzere pang'onopang'ono ngati wina akukoka katani. Kumanzere ndi kumene kuli m'mphepete mwa msewu, kumene kuli phompho. Galasi lakumanzere linasowa. Pokhota penapake tayala lakumbuyo linaponda miyala, basi inagwedezeka, ndipo achinyamata anakuwa mokondwa poganiza kuti Agogo awonjezera masewera ena.

Rex anagwiritsitsa chiwongolero. Anali atanyamula ana a eni oposa makumi atatu. Anayenda ngati nkhono mpaka pabwalo loimikapo magalimoto pafupi ndi khomo la phanga, anakoka buleki, n'kuzimitsa injini.

"Ulendo wanga wathera pano," anatero pa chinkuzamawu. "Sindikuona. Abwera wina."

Kenako mtsikana wina kumbuyo anafunsa kuti, "Ndiye boti lathu la ku Milford lija tilipeza? Tinalipira kale."

Rex anatsika n'kukhala pamwala, mbalame za kea zikusolola mphira pa zopukutira galasi la basi yake, iye osazithamangitsa. Amene anabwera kudzatenga makiyi anali Weka.

Noeline anamutenga yekha pa galimoto mpaka ku Dunedin. Madokotala anayesa kawiri konse kumatanso kansalu kaja, koma diso lamanzere linafa. Wamkulu wawo anamufunsa kuti timadonthoto anationa liti, ndipo Rex atayankha zoona, dokotalayo anangovula magalasi n'kupukusa mutu.

Bryce anabwera kunyumba ndi maluwa. Anakhala m'mphepete mwa mpando, akutembenuza foni m'manja.

"Zatikhudza tonse, mdala. Komatu palibe anakutumani. Ndipo akuti mtsikana uja anakufunsani za maso."

"Anandifunsa," anatero Rex.

"Chipata chili apo, Bryce," anatero Noeline. "Ndipo maluwa akowa utenge, ukapatse amayi ako. Uwauze kuti analera bwino."

Nyenyezi za ulendo umenewo, poti mwina mukufuna kudziwa, zinali zinayi. Ena anachotsapo imodzi chifukwa cha boti.

Nyengo yotsatira mabasi a kampaniyo anapakidwa penti yatsopano. Kumbuyo kwa basi iliyonse anamatako chithunzi chachikulu cha mdala wadazi ali m'malere, manja otambasula, kamwa ili yasa, ndipo pansi pake analembapo kuti ngati Agogo anatha, iwe ukuopa chiyani. Chilolezo cha chithunzicho ati Rex anapereka yekha tsiku lodumphalo, monga amaperekera aliyense.

Mabasiwo amadutsa pakhomo pa Rex m'mawa uliwonse popita ku Milford, ndipo Weka, amene mtima wake si woipa, amaimba hutala. Poyamba Noeline ankathamangira kukatseka katani. Tsiku lina Rex anamuletsa. Anadzuka, anakoka mpando wake n'kuutembenuza kuti msewu ukhale kumanzere kwake, n'kukhalanso pansi ndi kapu yake ya tiyi.

"Siya, usamavutike," anatero. "Mbali iyi ndinatseka kale ndekha."