A Kaya ndi Bwalo la Mavu

Mukafika kwa Kamphinda, kumtunda kwa Chezi, n'kufunsa nyumba ya a Petulo Gwaza, anthu ayamba ayang'anana kaye. Koma mukangoti "kwa a Kaya", aliyense akulozerani kanyumba ka malata pansi pa mtengo wa mango. Dzinali adalipeza ndi pakamwa pawo. Wina akati mvula igwa mawa, iwo ankati kaya. Akati feteleza atsika mtengo, kaya. Alipo ena amene amalumbira mpaka lero kuti tsiku lina wansembe atalalikira kuti kumwamba kulibe msonkho, pabenchi ya kumbuyo padamveka "kaya" wapansipansi.

Sadabadwe okayika chotero. Kwawo kudali kwa Kasakula ku Ntchisi, ndipo ali mnyamata adapita kukagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Kumeneko adawadinditsa chala papepala lomwe sadathe kuliwerenga, nabwerako patatha zaka zitatu ndi bulangete limodzi, chifuwa chosamva mankhwala, ndi luso logwira mpira pagolo. Ugoloboyi udawayenera, poti ndi ntchito ya munthu wosakhulupirira aliyense, ngakhale otchinga kumbuyo a timu yake yomwe. Atabwerera kumudzi adalowa sukulu ya kwacha, osati kuti aziwerenga nyuzi ayi, koma kuti aphunzire kulemba dzina lawo, chala chawo chisadzapakidwenso inki.

Kwa Kamphinda adadza ndi ukwati. Adakwatira Modesta, Nabanda, mkazi wa mawu ochepa ndi maso oona patali, ndipo monga mwa mwambo adakakhala kuchikamwini. Amene sadalaweko chikamwini asamachiyankhulire. Umamanga nyumba, nyumbayo ndi ya mkazi. Umabzala mango, mangowo ndi a ana ndi amalume awo. Mlamu wawo Solomoni akakhuta kachasu ankakonda kuwakumbutsa pagulu kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. A Petulo ankaseka nawo, koma mawuwo ankawabaya, ndipo ankafika nawo kunyumba.

Tsono m'mphepete mwa msewu wa ku Salima mudali tsala la apongozi awo, lamiyala, loti chimanga chinkalekeza m'mawondo. Koma kudera lonselo la zitunda ndi zigwembe, kumene ngakhale mbuzi imadya itapendekeka, malo athyathyathya adali okhawo. Tsiku lina a Petulo adalimba mtima n'kulipempha. Apongoziwo, atayang'ana kumbali monga amachitira polankhula ndi mkamwini, adangoti, "Tengani, muone chochita nalo." Padalibe munthu wina amene adamva. Zilimwe ziwiri a Petulo adazula zitsa ndi kukunkhuniza miyala, nazika mapolo a bulugamu, ndipo mu 1976 timu ya Mavu a Kamphinda idasewera mpira wake woyamba, n'kukwapulidwa zigoli zisanu kwa duu.

Kuchokera pamenepo, Loweruka lililonse m'mawa ankayamba afukula kaye patsinde pa mapolo, kuona ngati adani sadakwirirepo chithumwa. Akatero ankatenga beseni la phulusa n'kumalemba mizere, akuyenda chowerama ngati wobzala mtedza. Anthu adayamba kuwatcha mwini bwalo. "Kafunseni a mwini bwalo." "A mwini bwalo akana, ngolo zisadutse apa." M'mudzi monsemo mudalibe china chotchulidwa dzina lawo, ndipo pa mawu okhawa a Kaya sadanenepo kaya.

Matipate atabwera, zinthu zambiri zidamasuka nthawi imodzi, zabwino ndi zoipa zomwe. Aliyense wokhala ndi sikelo adasanduka wogula fodya, aliyense wonyamula chikwama adasanduka bwana. M'chilimwe cha 1995, Mavu akulimbana ndi timu ya ku Mvera, pamsewu padaima pikapu yoyera, n'kutsikamo Godwin Mataka, venda wa fodya wa ku Mponela, wa mimba yake ndi magalasi akuda.

A Petulo adamuyang'anitsitsa mlendoyo kuposa mpira. Adaona kuti a ku Mvera atagoletsa iye adawomba m'manja, kenaka atazindikira kuti walakwitsa adayamba kukanda chikhatho. Adaona kuti nthawi yambiri adafulatira osewera, maso ali kumsewu. Pa nthawi yopuma adamuona akuyenda kuchoka pagolo mpaka kumsewu, milomo ikugwedera ngati akuwerenga mapazi. Mpira utatha, mlendoyo adabwera kudzawagwira chanza ndi manja awiri.

"Madala, ndamva kuti timuyi ndi yanu."

"Amatero."

"Dziko lasintha, madala. Mpira masiku ano ndi bizinesi. Ine ndikufuna ndiikemo ndalama. Yunifomu, nsapato, maukonde pagolo. Tilembetse kampani, inu ndi ine, tilowe mu ligi. Mnyamata akawala, timugulitsa ku matimu akuluakulu a ku Lilongwe."

"Kugulitsa mwana wa munthu? Ngati nkhuku?"

"Ndi mmene amanenera chabe, madala."

"Nanga nambala naini wathu mwamuona bwanji?"

"Aa, katswiri ameneyo! Ndiye adzayambe kupita ku Lilongwe."

Mavu adalibe manambala. Ankasewera atavula malaya kuti asiyane ndi adani awo. A Petulo adangoti kaya, natola beseni lawo.

Lolemba adakwera matola ulendo wa ku Mponela, osauza munthu. Adapeza sitolo ya Godwin, sikelo pakhomo, mabelo a fodya atadzaza mpaka pakhonde posowa powaika. Adalowa m'tiyirumu ya pafupi n'kufunsa mayi wogulitsa ngati bwana wa paja amakonda mpira. Mayiyo adaseka mpaka kutaya tiyi, nati mpira womwe amaudziwa ameneyo ndi wa matayala a pikapu yake. A Petulo adabwerera mtima uli m'malo, poti munthu wokayika akapeza kuti sadalakwe amakondwa.

Koma sabata yomweyo yunifomu idafika, yachikasu ya mizere yakuda, mavu enieni. Anyamata amene adakula akumenya mpira ndi mapazi a ming'alu adavala nsapato n'kumayenda monyang'wa mpaka kutchalitchi. Akakumana ndi a Petulo ankawachonderera kuti asawatsekere mwayi ndi kaya wawoyo. Nabanda adatenga jezi imodzi, naitembenuza kuona msoko, nati, "Abambo a Rebeka, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi." Iwo adayankha kuti akudziwa, safunika kuuzidwa. Ndipo ankadziwadi, n'chifukwa chake nkhaniyi imawawa.

Pepala lidabwera Lachitatu masana, Nabanda ali kudimba. Godwin adadza ndi munthu wina woonda wa tayi, amene adati ndi loya wake. Adakhala pakhonde. Masamba atatu, Chingelezi chokhachokha, chidindo chofiira pansi. A Petulo adachita zonse zimene munthu wochenjera amachita. Fanta yomwe adawatengera adaikana. Adauza loyayo kuti amasulire m'Chichewa kawiri, kuti aone ngati mawu asinthe, ndipo sadasinthe. Adalamula kuti mzere wa kugulitsa osewera aufufute, Godwin n'kuufufuta msangamsanga osawiringula n'komwe, zomwe zidangowaonjezera nkhawa. Munthu amene wadzera anyamata angawataye bwanji mosavuta chotere? Loya atawerenga kuti kampani idzamanga pabwalo zinthu zothandiza timu, iwo adafunsa kuti zinthu zanji. Adayankhidwa kuti mabenchi, chimbudzi, zoterozo. A Petulo adakankha pepalalo.

"Ndiganize kaye."

"Palibe chovuta," adatero Godwin.

Akadalekera pomwepo bwenzi zitatha. Koma diso lawo lidagwera pa kamzere ka pansi pa tsamba lomaliza.

"Nanga apa alembapo chiyani?"

"Pamenepo ndi posaina inu," adatero loya. "Alemba kuti mwini. Mwini wake wa timu ndi bwalo lake."

"Mwini."

"Eya. Zikapita kuboma zikalowa m'mabuku choncho. Petulo Gwaza, mwini."

Godwin adavula magalasi, nawapukuta ndi malaya.

"Kapena talakwitsa khomo, madala? Ena amatiuza kuti kuno amuna sasaina kanthu. Ngati zili choncho tidikire amayi abwere kudimba. Apo ayi tiitane a Solomoni."

A Petulo adalowa m'nyumba, natenga bolopeni yawoyawo, poti ya mlendo sakadaikhulupirira. Adalemba dzina lawo pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, monga adaphunzirira kusukulu ya kwacha. Munthu amene adakana Fanta adameza liwu limodzi osatafuna.

Patapita masabata atatu lole idakhuthula njerwa pakati penipeni pa bwalo, ina n'kukhuthula mchenga pothira penate. Godwin adafotokoza mosabisa kuti pamangidwa shedi yogulirapo fodya ndi chigayo, ndipo phindu likadzapezeka timu idzathandizidwa. Mavu azikasewera kusukulu, kutsidya kwa mtsinje, pabwalo lotsetsereka pamene mpira umadziyendera wokha. Pepala lija lidati mwini wapereka bwalo kwa kampani zaka makumi atatu, ndipo Godwin adali atayamba kale kuthamangitsa lizi kuti malowo akhale ake mwalamulo. Mzere umenewu loya adaulumpha maulendo onse awiri, n'chifukwa chake mawu sadasinthe.

Anyamata aja amene ankachonderera ndiwo adayamba kunena kuti madala agulitsa bwalo. Nabanda yekha sadakalipe, ndipo kukalipa kukadakhala bwino. Adangofunsa funso limodzi.

"Mudasaina kuti ndinu ndani?"

A Petulo adayang'ana pansi. Mayiyo adamanga duku, natenga mlongo wake Solomoni, ulendo wa paboma ku Dowa kukasuma.

Tsiku la mlandu theka la mudzi lidakwera matola. Loya uja sadaoneke. Zidamveka kuti ntchito yake ndi yolembera anthu makalata pansi pa mtengo ku Mponela. Koma Godwin sadabwere chimanjamanja. Adaimika mboni zitatu, osewera a Mavu omwe, ndipo aliyense adavomera, maso ali pansi, kuti chibadwire chake amamva anthu akuti a Petulo ndiwo mwini bwalo. Sadaname. Godwin adaonjeza kuti malemu apongozi adapereka malowo ngati mphatso, ndipo wopatsidwa chinthu ali ndi ufulu wochita nacho chimene afuna.

Woweruza, bambo wa imvi wolankhula mofatsa, adati nkhani yonse yagona pamenepo. Ngati malowo adaperekedwa kwa a Gwaza kukhala awoawo, pepalalo liyenera kuunikidwa ngati pangano, ndipo mlandu utalika njerwa zili pomwepo. Koma ngati ndi a mbumba ya Nabanda, ndiye kuti wosainayo adapereka chinthu cha eni, ndipo pepalalo lilibe mphamvu pa malowo.

"Amene adamva mawu a malemu ndinu nokha, a Gwaza. Tiuzeni. Malowa mwini wake ndani?"

A Petulo adaimirira. Tengani, muone chochita nalo. Mawuwo ankawakumbukira bwino lomwe, ndipo zaka pafupifupi makumi awiri adakhala akuwamasulira mowakomera. Akadati adapatsidwa, palibe akadawatsutsa, ndipo kalaliki akadalemba m'buku la boma liwu lija ankalilakalaka. Bwalo ndiye likadapita. Adayang'ana Solomoni, amene adali atayamba kale kumwetulira. Adayang'ana Nabanda, koma iye ankayang'ana zikhadabo zake. Kenaka adatembenukira kwa woweruza.

"Bwana, malowo sadandipatse. Adangondibwereka."

"Kwezani mawu, kalaliki amve."

"Ndati sindine mwini! Ndine mkamwini. Kwa Kamphinda ndilibe ngakhale pobzala tsabola."

Kumbuyo kudaphulika phwete, ndipo la Solomoni lidamveka pamwamba pa onse. Woweruza adamenya tebulo, nagamula kuti njerwa zichoke pasadathe masabata awiri, nawachenjeza a Petulo kuti asadzasainirenso za eni. Godwin adatuluka akung'ung'udza, ndipo m'mawa mwake adatuma pikapu kudzalanda yunifomu ndi nsapato, mpaka masokosi. Pobwerera kumudzi tsiku la mlandulo a Petulo adakana kukwera matola. Adayenda wapansi okhaokha, kudzera njira zachidule za m'mapiri, kuti asaonane ndi munthu. Bwalo lidapulumuka, koma iwo adali ndi manyazi aakulu ndi chisoni, poti chinthu chimodzi chokha chomwe ankachitcha chawo adachikana okha, pagulu, mokweza mawu.

Masabata awiri sadapondeko kubwalo. Njerwa zidachoka, kusiya maenje a matayala ndi tizibenthu tofiira m'udzu. Loweruka lachitatu m'mawa adakhala pansi pa mango akusoka thumba lomwe silidang'ambike. Kumsewu kunkamveka anyamata akumenya mpira ndi kukangana, poti pabwalo lopanda mizere aliyense amakhala ndi malire ake. Nabanda adatuluka m'khitchini atanyamula beseni lija, lodzaza phulusa losefa bwino, lomwe adakhala akusunga masiku onsewo. Adagwada, nalitula pamapazi pawo.

"Dzuwa likukwera, a mwini bwalo. Anyamata akudikira mizere."

A Petulo adamuyang'ana mkazi wawoyo nthawi yaitali, kufunafuna pankhope pake pamene pabisala chipongwe. Sadachipeze. Adafunanso kachiwiri, monga mwa khalidwe lawo, koma padali nkhope yokhayokha ya Nabanda, ndi phulusa pang'ono patsaya.

"Kaya," adatero.

Adanyamula beseni lija, nalunjika kumsewu.