Pepala la a Magalamu

Achimwene angawo, ku ofesi amawatchula kuti a Magalamu. Zaka makumi awiri akhala akugula mapepala a pulinta kuntchito kwawo, ndiye amadziyesa dokotala wa mapepala. Mukawapatsa kalata, sawerenga ayi. Amayamba aigwedeza pafupi ndi khutu, aipenyetsa padzuwa, kenako n'kukwinya mphuno: "Ili ndi la magalamu 70, lopepera." Ngakhale kalata ya maliro amaitero. Munthu wamkulu ndithu, wa imvi zake!

Mwana wawo wachisamba, mtsikana wofatsa ngati nkhunda, ankafuna malo kusukulu ya unamwino. Chaka chimenecho chinali chomaliza kwa iye, chifukwa chotsatiracho akanakhala atapyola zaka zimene amalandira. Makalata ankatseka kulandira Lachisanu, 4 koloko madzulo.

Ine ndinafika kwawo m'mawa wa Lachisanulo kuti ndimuperekeze. Kalata inali italembedwa kale pakompyuta, pulinta ili pakabati m'chipinda chochezera, paketi ya mapepala wamba a magalamu 80 ili pambali pake, oyera bwinobwino. Chinatsala n'kudina basi.

"Aaa, iyayi," anatero achimwene, akutchinga pulinta ndi mkono. "Mwana wa ine sangapite ndi pepala la malisiti. Anthu aja amaona pepala asanaone dzina."

"Achimwene, amene aja akufuna anamwino, osati mapepala," ndinawauza.

"Iwe mlongo, za mapepala udziwapo chiyani?"

Anavala jekete n'kutuluka, ndipo paketi ija anaitsekera m'galimoto kuti tisachite zathu. Tinawadikira mpaka dzuwa kufika paliwombo. Ndinamva pambuyo pake kuti anazungulira masitolo anayi. Pena akuti pepala silinayere mokwanira, pena akuti lagwira chinyezi, pena anakangana ndi wogulitsa mpaka anthu kuunjikana. Mtsikana uja anangokhala pampando atavala kale nsapato, envelopu ili pamiyendo.

Anabwera 2 koloko itadutsa, akumwetulira ngati apha njovu. Anagula mapepala okhuthala, onyezimira, aja osindikizira zithunzi. Loyamba linatuluka inki isanaume, iwo n'kuligwira ndi chala kuti alisirire, dzina la mwana lonse biii. Lachiwiri pulinta inalimeza theka n'kutsamwa nalo. Anatsegula kumbuyo, anakoka, linang'ambikira m'kati. Anatenga mpeni wa kukhitchini n'kuyamba kutokosa, thukuta kamukamu, uku akunyoza amene anapanga pulintayo.

Pamenepo ine mtima unandiwira. Ndinawalanda makiyi a galimoto m'thumba, ulemu ndinauika pambali, ndinakatenga mapepala wamba aja n'kuthamangira kwa mayi woyandikana nawo nyumba amene ali ndi pulinta yake. Mphindi ziwiri zokha kalata inatuluka, yooneka bwino, yopanda banga.

Koma msewu wa Lachisanu madzulo mumaudziwa. Tonse atatu tinafika pachipata cha sukuluyo 4 koloko itapitirira ndi mphindi khumi ndi zisanu. Mlonda anapukusa mutu. Anati bokosi loponyamo makalata alinyamula kale, ndipo iye sangataye ntchito chifukwa cha ife. Ndinachonderera, ndinagwada pasimenti ine mayi wa ana anayi, koma ayi ndithu.

Achimwene m'malo mopepesa anayamba kulongosolera mlondayo kuti vuto ndi mapulinta a masiku ano. Ndinachita manyazi ngati ndine ndavula pagulu.

Mtsikana uja sanalire. Anawayang'ana bambo ake nthawi yaitali, kenako anawapatsa envelopu ija m'manja mwaulemu, ndi manja awiri.

"Usadandaule, mwanawe," iwo anatero. "Chaka chamawa tidzakonzekera bwino."

"Adadi," anayankha motsitsa mawu, "mukudziwa kuti ndili ndi zaka zingati?"

Achimwene anatsegula pakamwa, n'kutembenukira kwa ine kuti ndiwathandize. Sankadziwa.