Dzina la achemwali anga

Mayeso a Sitandade 8 ndinalemba kawiri. Ulendo woyamba ndinakhoza, koma sanandisankhe kupita ku sekondale. Zinali zaka zija zipani zitangochuluka kumene, ana tili thoo m'makalasi mpaka pansi pa mitengo, malo ku sekondale ali ochepa. Mphekesera inali yoti wobwereza samusankha ngakhale akhoze chotani, choncho anthu ankabwereza ndi mayina ena. Kwathu ku Mtakataka sinali nkhani yonong'ona. Mnzako amene chaka chatha unkamuitana mwakuti, chaka chino ankatulukira ndi dzina latsopano, iwe n'kungozolowera.

Ahedi athu, munthu wabwino amene ankandifunira zabwino, anabwera kunyumba panjinga kudzakamba ndi bambo. Anati palibe chifukwa chopekera dzina, poti m'kaundula wa sukulu munali kale dzina la achemwali anga. Iwowa anali aakulu kwa ine ndi zaka zitatu. Anafika Sitandade 8, koma anatenga pathupi teremu yoyamba isanathe, sukulu n'kuthera pomwepo.

"Dzinali lili bwinobwino, silinalembepo mayeso," anatero ahedi.

Bambo anavomera, amayinso chimodzimodzi. Achemwali anali pakhonde pomwepo, akuyamwitsa mwana, ndipo palibe amene anatembenuka kuwafunsa. Inenso sindinawafunse. Ndinangotenga makope awo akale n'kuyamba kutengera mmene ankalembera dzina lawo pachikuto, zilembo zopendekera kumanja, mpaka dzanja langa linazolowera.

Dzina lija linandiyenera. Anandisankha nalo, ndinamaliza nalo Fomu 4, ndinapita nalo ku koleji ya aphunzitsi, ndipo ndinayamba nalo ntchito pa pulayimale ina kufupi ndi ku Mua. Kunyumba ndinali ine, kusukulu ndinali iwo. Eni akewo anakwatiwa ku Golomoti n'kumagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Tikakumana pamaliro kapena paukwati ankandiitana kuti "amadamu", moseka, koma kusekako kunali ndi minga. Tsiku lina ndili m'minibasi ndi aphunzitsi anzanga, titaima pa Golomoti, mmodzi anandiitana dzina lakuntchito. Tinatembenuka tonse awiri, ine mkati, achemwali panja ndi beseni la tomato pamutu. Ndinachita manyazi, ndipo ndikuvomera kuti ndinawapatsa moni wa pawindo ngati wongodziwana nawo kutchalitchi.

Chaka chimene boma linkalemba anthu ziphaso za unzika, ndinapita pamzere ndi khadi langa la ubatizo. Ndinali nditatopa kuyenda ndi dzina la eni. Ndinalembetsa langa lenileni, limene amayi anandipatsa, ndipo chiphasocho chitatuluka ndinachiyang'ana ulendo wonse wobwerera kunyumba. Kuntchito anandiuza kuti mapepala angawa akutsutsana, ndikawakonze. Ine n'kumati mawa, mawa. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Nditaphunzitsa zaka zambiri, ndinamva kuti yunivesite ikulandira akuluakulu amene ali kale pantchito. Ndinatenga fomu n'kuyamba kuchonga zofunika chimodzichimodzi. Satifiketi ya Fomu 4 yokhala ndi makirediti okwanira, Chingerezi chili momwemo, ndinali nayo. Ya uphunzitsi ndinali nayo. Kalata yosonyeza zaka zimene ndagwira ntchito ahedi anga anandilembera tsiku lomwelo. Koma kumunsi kwa tsamba kunali mawu ang'onoang'ono oti dzina la pachiphaso lifanane ndi la pamasatifiketi, apo ayi, munthu aphatikizepo kalata yolumbira ya kukhoti. Tsiku lomaliza kulandira mafomu linali Lachisanu la sabata yotsatira.

Lolemba ndinakwera mapiri kupita ku boma, ndikuganiza kuti ndi nkhani ya chidindo basi. Kukhoti ndinapeza mayi wina kalaliki, wa magalasi, amene anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Nkhani ngati yanuyi si yachilendo," anatero. "Koma ambiri ankapeka mayina. Lanuli lili ndi mwini wake. Ali moyo?"

"Ali moyo, ali ku Golomoti."

"Ndiye ife tidziwa bwanji kuti masatifiketiwa si awo? Abwere adzalumbire okha kuti mayesowa sanalembe ndi iwo."

Ndinafuna kukangana nawo, koma chokanganira panalibe. Mayiwo ankanena zoona.

Lachiwiri nditaweruka ndinagula shuga ndi chitenje chatsopano, ulendo ku Golomoti. Ndinawapeza achemwali kunyumba akusankha tomato, wofewa uku, wolimba uko. Anayang'ana jumbo yanga n'kuseka.

"Amadamu lero ndi shuga? Kwagwanji?"

Ndinafotokoza zonse mwachangu, ngati ndikuwerenga lipoti. Iwo manja sanaimike.

"Ndiye ndikalumbire kuti chiyani kwenikweni?"

"Kuti mayeso sanalembe ndinu."

"Oho. Ndikwere minibasi mpaka ku boma, ndikaimirire pamaso pa anthu, Baibulo kumanja, n'kunena kuti ine ndine mbuli."

"Si choncho, achemwali."

"Ndi choncho. Ukafuna kukwera, dzina langa ndi labwino. Ukafuna chiphaso, ndi loipa. Lero labwereranso kukoma?"

Ine mtima ndili nawo wapachala, ndipo pakamwa panga sipachedwa. Ndinanena mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimatsinzina. Ndinati, "Kodi pathupi paja ndinakutumani ndine?"

Anatenga jumbo ija n'kuibweza pamiyendo panga, kenako anapitiriza kusankha tomato wawo. Ndinanyamuka ndili wokwiya, koma ndisanafike pasiteji mkwiyo wonse unali utasanduka manyazi. Munthu amene ndinamutukwanayo ndi yemwe ankandibereka kumbuyo popita kumunda, yemwe anandiphunzitsa kugawa manambala ndi timiyala. Pa ana onse a bambo, wanzeru anali iwowo, ndipo aliyense ankadziwa.

Lachitatu ndinaphunzitsa mpaka nthawi yopuma n'kupempha kuchoka. Ndinapita chimanjamanja, kumsika komweko. Ndinakhala pansi pambali pa benchi lawo. Sanandithamangitse. Wogula akabwera ine ndinkatsegula jumbo, iwo n'kumaikamo. Tinakhala choncho mpaka dzuwa linapendeka.

"Pepani, achemwali," ndinatero. "Ndinalankhula zachibwana."

"Za pathupizo n'zoona, sunandituma ndiwe," anayankha, maso ali kumsewu. "Mwana wangayo sindinong'oneza naye bondo. Chimene chimandiwawa n'china. Ahedi aja anapempha bambo. Bambo anafunsa amayi. Iwe dzulo unatuma shuga. Ine ndinali pakhonde pompaja, koma mpaka lero palibe anandiuzapo kuti tibwerekeko dzina lako. Ngakhale mpeni wa mnzako umayamba wapempha."

Ndinagwada pafumbi pomwepo, mphunzitsi wathunthu, amayi a pamabenchi ena akuyang'ana. Ndinati, "Achemwali, ndinatenga dzina lanu osapempha. Ndikupempha lero. Mundibwereke ndikaphunzire nalo."

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Dzuka, ukundithamangitsira makasitomala. Mawa minibasi yoyamba. Thiransipoti ndi yako."

M'mawa mwake anabwera atavala bulauzi yoyera ya kutchalitchi. M'makhotakhota a kuphiri anachita chizungulire n'kugwira mkono wanga, ndipo sanausiye mpaka tinafika pamwamba. Kukhoti tinadikira pabenchi mpaka masana. Atatiitana, achemwali anaimirira mowongoka pamaso pa majisitireti n'kulankhula mawu onse aja amene ankawaopa: kuti dzinalo ndi lawo, kuti sukulu analekera Sitandade 8, kuti sanalembepo mayeso a boma ngakhale amodzi, kuti amene analemba ndi mng'ono wawo uyu. Mawu awo sananjenjemere. Amene ndinkalira ndi ine.

Kalaliki uja anawakankhira kabokosi ka inki kuti adinde chala. Sanachite mwachipongwe, anangozolowera. Achemwali anakayang'ana kabokosiko.

"Mundipatse cholembera, mayi."

Analemba pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo monga ankachitira kale. Zilembo zinapendekera kumanja. Ine nditasaina pansi pake, kalaliki anayang'ana mizere iwiriyo, n'kutiyang'ana ife. Siginecha imene ndinadya nayo malipiro zaka zonsezo inali yawo, kungoti yawo inali yokongola kuposa yanga.

Titatuluka ndinkathamangira kukatumiza envelopu ya mafomu, koma anandigwira.

"Taima kaye. Ndione mapepala angawo."

Apo ndi pamene ndinazindikira kuti sanawaonepo. Zaka zonsezo ndinkawasunga m'sutikesi, ndipo sizinandibwererepo m'mutu kuti ndiwaonetse. Tinakhala pansi pa mtengo panja pa khoti. Anapukuta manja pachitenje, n'kugwira satifiketi ya Fomu 4 m'mbalimbali. Anayamba ndi dzina pamwamba, chala chikuyenda pansi pa zilembo. Kenako anatsika phunziro ndi phunziro, akuwerenga motsitsa mawu. Atafika pa masamu anaima.

"Sikisi? Masamu sikisi? Iwe, dzina langa unakalichititsa manyazi chonchi?"

"Ndi kirediti imeneyo, achemwali."

"Kirediti ya kumapeto. Ine ndikanapeza thuu."

Tinaseka mpaka anthu odutsa anatiyang'ana. Kenako iwo anasiya kuseka, n'kupitiriza kuyang'ana pepalalo. Ndinadziwa kuti sankacheza. Akanapezadi thuu.

Envelopu inafika nthawi yake. Patapita miyezi, ahedi anga ndi amene anayamba kuona mndandanda wa otengedwa n'kundiimbira foni. Kalata yondiitana inabwera ndi dzina la pamasatifiketi, ndipo ndisanaionetse wina aliyense, ngakhale amuna anga, ndinakwera nayo minibasi ya ku Golomoti. Achemwali anaiwerenga yonse, Chingerezi chovutacho akudumpha. Sanalire, sanalulute. Anaipinda bwinobwino mmene inalili n'kundibwezera.

"Kumeneko amaitana mayina m'kalasi?"

"Mwina amaitana."

"Ine m'kalasi ndinkakhala kutsogolo, ndipo sindinkayankha ngati wodwala. Akakaitana, ukayankhe mokweza."

Tsiku lolembetsa, holo inali yodzaza ndi ana a msinkhu wa ana anga. Tinakhala m'mizere, munthu wina kutsogolo akuitana mayina. Ambiri ankangokweza dzanja osalankhula. Atafika pa dzina la achemwali ndinaimirira n'kuyankha kuti "Ndilipo!" mokweza kwambiri moti anawo anatembenuka n'kuyamba kuseka. Sindinachite manyazi, ndipo sindinakhale pansi mpaka woitanayo atachonga.